Galasi la Kumanja

"Ndati chotsani galasilo, bambo! Kodi ndikulankhula ndi khoma?"

"Lankhula ndi khoma lomwelo, mwina likumvera. Ine galasi sindichotsa."

Njinga yamoto inali itatsamwa pakhomo la kachipinda kosungiramo makasu, tayala lakutsogolo m'kati, lakumbuyo panja, ngati mbuzi yomwe yapisa mutu mumphika. Bambo anali m'kati akukoka, thukuta lili kamukamu. Mayi anali panja, manja m'chiuno. Mwana wawo yekhayo, Kachete, anaima pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala, buku atalikumbatira pachifuwa. Dzinali anamupatsa ndi anzake a kusukulu, chifukwa pa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anali asanamalizepo chiganizo pamaso pa anthu oposa awiri.

"Lakumanzere mwachotsa bwinobwino," anatero mayi. "Lakumanjali lakulakwirani chiyani?"

"Silichoka! Ndapotokola ndi sipanala, ndapotokola ndi pulayala, ndathira mafuta, likungolimbirabe. Amene anapanga njingayi si ana, make Kachete. Akafuna kuti chinthu chisachoke, sichichoka."

"Ndiye pitani nayo kwa makaniko."

"Makaniko? Njinga ya masiku anayi, pulasitiki ikadali pachishalo, ndikaipereke m'manja mwa girisi? Ukufuna anthu pasiteji azinena kuti yadwala isanathe sabata? Ndani angakwere njinga yomwe yagonekedwa kale m'chipatala?"

"Ndiye izigona pakhonde ngati dzulo."

"Kuti aibe? Ya mnzanga uja anainyamula pakhonde, mwini wake akuliza mkonono kuseri kwa khoma. Tsoka silinunkha."

Anaikankhira panja njingayo, nabwezera galasi lakumanzere, nalipukuta ndi mpango. Kenako anadula kachingwe, nayeza kuchokera kumapeto kwa galasi lina kufika kumapeto kwa linzake, nayamba kuzungulira nyumba khomo ndi khomo ngati munthu wofuna malo ogona. Khomo la pabalaza linachepa. La kukhitchini linachepa. Atafika pa chipinda cha Kachete anaima. Chipinda chimenechi anachimanga ndi maganizo oti chidzakhale okala, choncho chinali ndi zitseko ziwiri zotsekukira panja. Kachingwe kanalowa, malo n'kutsala.

"Basi," anatero bambo, nkhope itawala. "Nyumba ya njinga yapezeka."

"Muli mwana mmenemo."

"Mwanayo alowa mosungira makasumo."

"Mopanda windo? Momwe makoswe amachitira misonkhano?"

"Make Kachete, taganiza ngati munthu wamkulu. Njingayi ili ndi magalasi. Mwanayu ali ndi magalasi? Iwe, tabwera kuno."

Kachete anabwera. Bambo anamuyeza ndi kachingwe komweko, phewa mpaka phewa, napita kukayerekeza pakhomo la kachipinda ka makasu.

"Waona? Akulowa osagunda paliponse."

"Mwanayu alemba mayeso milungu itatu ikubwerayi! Aziwerengera kuti? Bwanji osamuika pabalaza?"

"Mtsikana wamkulu chonchi kugona pomwe ine ndimadutsa m'mawa? Ulemu uli kuti?"

"Ndiye azigona limodzi ndi njinga yanuyo. Malo alipo."

"Munthu akagona amapuma nthunzi. Magalasi achita nkhungu." Bambo anakulunga kachingwe kaja naika m'thumba. "Ndipo usaiwale, mwana wamkazi pano ndi mlendo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mawa lino abwera wina kudzamutenga. Njingayi siikwatiwa."

Kachete anali ndi mawu. Anakwera kuchokera m'mimba, nafika pakhosi, nasuzumira panja, naona nkhope ya bambo, nabwerera. Iye anangoika buku pansi n'kupita kukanyamula matiresi.

Njinga inayamba moyo wabwino. Bambo, amene chikwatirireni anali asanagwirepo tsache, ankasesa okha m'chipindamo. Pansi anayala makatoni kuti matayala asazizidwe. Neti ya udzudzu ya Kachete inatsala momwemo, poti fumbi silabwino ku penti. Tebulo lomwe ankawerengerapo linasanduka pogona chipewa cha njinga. Madzulo alionse, dzuwa lisanalowe, bambo ankabwera kuchokera kosenza anthu, n'kutsekula zitseko zonse ziwiri, n'kuilowetsa pang'onopang'ono ngati mkwatibwi, magalasi ali tasa mbali zonse. Akatuluka ankakhoma loko n'kumugwedeza katatu.

Kachete ankagona pakati pa makasu ndi matumba akale a feteleza. Akagona chagada, mapazi ankagunda wilibala. Kuwerenga ankawerengera pakhomo, atakhala pa ndowa yovundikira, kuthamangitsana ndi dzuwa. Tsiku lachisanu makoswe anadya mutu wonse wa buku la sayansi, womwe unkafotokoza za mapapo, ndipo sabata yomweyo iye anayamba kutsokomola. Kusukulu aphunzitsi anamufunsa chifukwa chomwe yunifolomu yake inkanunkhira ngati munda. Iye anayang'ana desiki mpaka aphunzitsiwo anatopa.

Pali chinthu china chomwe sanauze munthu aliyense. Tsiku lina bambo atabwera msanga chifukwa cha mvula, Kachete anasuzumira pa windo la chipinda chake. Njinga inali phee mu neti, yowuma, yopukutidwa, ikupuma. Anaichitira nsanje. Atabwerera kwa makasu kuja anagwira makutu ake n'kuwakokera kunja, kuona ngati angagunde felemu ya khomo. Sanagunde. Anachita manyazi ngakhale panalibe womuona.

Mayi atamva chifuwa chija anatumiza mawu kwa mchimwene wawo, kalipentala. Amalume anafika Lamulungu masana, nkhope itakwinyika, tepi yoyezera ikulendewera palamba.

"Alamu, ndamva zonyansa. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye ndikuuzani pamaso. Mwana wa mlongo wanga akugona ndi makoswe, chitsulo chikugona mu neti? Kodi mutu wanu ukuyenda?"

"Alamu, khalani pansi."

"Sindikhala!"

"Ndiye musanandiweruze, tayesani nokha. Khomo ndi ilo, njinga ndi iyo. Mukailowetsa, mwana abwerera lero lomwe."

Amalume anasolola tepi mwaukali. Anayeza khomo. Anachotsa galasi lakumanzere, nayeza njinga. Anayezanso khomo. Makwinya a pamphumi anayamba kusintha mtundu.

"Zala ziwiri zokha?"

"Zala ziwiri."

"Aaa, zala ziwiri sizingagonjetse amuna awiri. Mutu umodzi susenza denga. Tailowetsani chafutambuyo."

Anailowetsa chafutambuyo. Thupi lonse linalowa, galasi linakana. Anaipendeketsa ngati munthu woledzera, chiwongolero chinakakamira kumanzere. Ananyamula tayala lakutsogolo m'mwamba, galasi linagunda pamwamba pa khomo. Amalume anavula malaya. Anatenga sipanala, naikoleka pa nati ya galasi lakumanja, nakanikiza mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka.

"Mukulipweteka!" anakuwa bambo. "Siyani, alamu, mukulipweteka!"

"Ndiye tizule chitseko. Mwina mahinjesi ndi amene akudya malo."

Anazula chitseko. Mahinjesi anali a dzimbiri, ndipo onse awiri anathyokera m'manja. Malo sanawonjezeke ngakhale chikhadabo, poti chomwe chinkatsekereza chinali felemu yachitsulo yomangidwira m'khoma.

"Tigumule njerwa imodzi."

"Khoma limeneli lasenza denga la khitchini."

"Ndiye tiphwetse matayala."

"Achimwene," anatero mayi, "kuphwetsa matayala kuchepetsa bwanji m'lifupi?"

"Mlongo wanga, izi ndi za amisiri."

Dzuwa likupendeka, amalume anali atakhala pachishalo, akudziyang'ana m'galasi lomwelo n'kukonza ndevu.

"Koma galasi ili ndi galasi, alamu. Likuonetsa mpaka nkhuku za kwa aneba."

"Mwaona? Ndiye wina akuti ndilizule."

"Ayi, ili musaliyerekeze. Mlongo wanga, nkhaniyi njovuta. Alamu sakunama, galasili silichoka."

"Nanga mwana?"

"Mwana uti? Oo! Inde. Limba mtima, mwana wa mlongo wanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mahinjesi ndidzabweretsa Loweruka. Alamu, mungandiponyeko pasiteji? Ndimve mmene imayendera."

Anapita akuseka, fumbi lili koboo. Chitseko chinatsala chitatsamira mtengo wa papaya. Mayi anatenga thumba la feteleza, nalitumbula, nalipachika pakhomo la mwana wawo.

Thumba limenelo ndi lomwe linaitana azakhali, mlongo wawo wa bambo. Anafika Lachitatu, naima pabwalo, naliyang'ana likuuluzika ndi mphepo.

"Achimwene, izi ayi. Mwana wamkazi sagona mopanda chitseko. Anthu atiseka mtundu wonse."

"Auzeni, alamu," anatero mayi, mtima utatsika. "Mwina inu akumverani."

"Andimvera. Mwanayu abwere kwanga."

"Kwanu?"

"Kwanga kuli chitseko, loko wake n'kukhalanso ndi mpiringidzo. Ine mapasa andithyola msana, kumalo kwanga kogulitsira zakudya mbale zikuchita kuunjikana. Manja akusowa. Iye apeza pogona, ine ndipeza wondithandiza. Chala chimodzi sichiswa nsabwe."

"Nanga sukulu? Mayeso ayamba Lolemba!"

"Kwathu sukulu ili kutali, alamu, ndikunamizeni chifukwa chiyani. Koma mayeso sathawa. Amalembedwa chaka ndi chaka ngati mvula. Ine sindinalembe, kodi ndikuyenda wamaliseche?"

"Magazi ndi magazi," anatero bambo, akugwedeza mutu mokhutira. "Chemwali, mwandichotsa minga."

Mayi anaimirira. "Bambo, mwanayu ndinamunyamula miyezi isanu ndi inayi. Khomo lomwe anatulukira linali lopanikiza kuposa limenelo, koma sindinathamangitse munthu m'nyumba. Wayenda wapansi zaka khumi kupita kusukulu, mvula ndi dzuwa. Kwatsala masiku asanu, inu mukumupereka kotsuka mbale chifukwa cha kagalasi kochepa ngati chikhatho changa? Kagalasi koonera zakumbuyo? Zakutsogolo mukuziona ndi chiyani?"

"Chakudya chomwe uphike madzulo ano chabwera ndi ndani? Buku kapena njinga?"

"Njinga idzachita dzimbiri."

"Ikamagona panja, inde. N'chifukwa chake ili m'nyumba. Nkhani yatha. Loweruka m'mawa ndikamutula ndekha. Chemwali, mudzabwere tidzanyamukire limodzi."

Kachete anali kuseri kwa thumba lija, buku lodyedwa ndi makoswe lili pamwendo. Palibe amene anamufunsa, ndipo akanamufunsa mwina sakanayankha.

Lachisanu poweruka sanatsanzike aliyense. Anzake ankakambirana za mapensulo ndi malo okhala m'chipinda cha mayeso, iye anangonyamula chikwama n'kuyamba kuyenda mwapang'onopang'ono kuti msewu utalike. Pa mphambano panali shedi ya malata pomwe mayi wina wa ovolosi, wamikono ngati mitengo, ankakonza njinga zamoto. Anthu ankangomutcha Mayi Girisi. Kachete ankadutsapo tsiku lililonse osayang'ana, koma tsiku limeneli anamva kulira kwa sipanala, natembenuka.

Mayi Girisi anali atagwira galasi lakumanja la njinga ina. Analipotokola kawiri katatu, nalizula, naliika pa benchi ngati supuni. Kachete anaima chilili. Panadutsa ngolo. Panadutsa anthu ochokera kuchigayo. Iye ali chiimire.

"Iwe mwana, waima ngati chikwangwani. Ukufuna mpweya wa mpira?"

Kachete anapukusa mutu.

"Nanga chiyani? Lankhula, ine sindiluma. Ndimangotukwana."

Panalibe munthu wachitatu, choncho mawu anatuluka, ngakhale anali ang'ono. "Galasilo. Mwalipotokolera uko."

"Eya. Nanga ndilipotokolere kuti?"

"Uko n'komangira."

Mayi Girisi anamuyang'anitsitsa, kenako anaseka mpaka anakhala pa tayala. "Maso uli nawo! Tabwera. Njinga za mtundu uwu, galasi lakumanja mazinga ake ngotembenuza. Anachita dala. Ukagunda nalo chinthu kutsogolo, limangomasuka m'malo mothyoka. Ndiye pomasula, upotokolere komwe zinthu zina zimamangira. Pomanga, upotokolere komwe zina zimamasukira. Lakumanzere lili ngati zinthu zonse. Wafunsiranji?"

Kachete anafotokoza. Sanafotokoze zonse, koma makasu anawatchula, ndi thumba, ndi Loweruka.

"Dikira. Ndiwe mwana wa uja amadutsa pano atatembenuzira nkhope kumunda ngati ndili ndi khate? Wa pulasitiki pachishalo?"

"Eee."

"Mayo ine! Ndiye kuti bambo ako akhala akulimanga milungu itatu, akuganiza kuti akumasula! Safunsa anadya phula." Anapukuta misozi ndi mkono, nasiya girisi patsaya. Kenako kuseka kunatha. Anatola sipanala ndi kapaipi kotalika ngati mkono. "Alilimbitsa kwambiri, ndi manja ako okha sulitha. Ulowetse mchira wa sipanala mu kapaipika, ugwire kumapeto, ukoke. Udzabweze ukamaliza mayeso. Wamva? Ukamaliza mayeso, osati usanalembe."

Kachete anafuna kuchita zinthu mwaulemu. Madzulo bambo akupukuta njinga, iye anayandikira, manja kumbuyo.

"Ababa, galasi lija…"

"Usalikhudze."

"Amakaniko akuti…"

"Amakaniko? Wapita kukandinena kwa makaniko? Mwana ndimudyetse ine, akandivule pamphambano? Choka! Kalongedze zovala."

Anachoka. Analongedza zovala, ndipo pansi pa zovalazo anaika sipanala ndi kapaipi.

Loweruka kunacha bwino ngati palibe cholakwika. Linali tsiku la msika, ndipo njinga za anzawo a bambo zinali zitayamba kale kudutsa mumsewu, zitasenza amayi ndi madengu. Bambo anatulutsa yawo, naiimika pakati pa bwalo. Azakhali anafika ndi ambulera. Amalume anafikanso, mahinjesi ataiwala, koma akuti anabwera kudzatsanzika. Mayi anadzitsekera kukhitchini, akuomba mapoto kuti kulira kusamveke.

"Ine ndikhala pakati," anatero azakhali. "Kumbuyo kumadumpha."

"Pakati pakhala mwana ndi chikwama. Inu ndinu olemera, muzipondereza tayala."

"Olemera ndani? Achimwene, tiyeni m'nyumba mundiuze bwino, pano pali mwana."

Analowa pabalaza akukangana, amalume akutsatira kuti akaweruze. Pabwalo panatsala Kachete, chikwama, ndi njinga.

Sipanala inamupulumuka n'kugwa kawiri. Kachitatu inagwira nati. Analowetsa kapaipi, nagwira kumapeto, natseka maso, nakokera kolakwika, komwe moyo wake wonse ankadziwa kuti n'komangira. Palibe chinachitika. Anaponda tayala ndi phazi, nakoka ndi thupi lonse. Nati inalira kuti kwee, ngati mwana wa mbuzi, kenako inafewa. Galasi linazungulira lokha m'dzanja lake. Anachotsanso lakumanzere. Anaika onse awiri pa chikwama, nagwira chiwongolero, nakankha. Njinga inali yolemera kuposa mmene inkaonekera, koma inayenda. Inakankha thumba la feteleza ndi mphuno, nilowa m'kachipinda ka makasu ngati phazi mu nsapato yakale.

Bambo atatuluka anapeza bwalo lili mbee.

"Akubaaa! Anthu inu, akuba! Njinga yanga!"

Anathamangira kumsewu nsapato imodzi itavuka. Azakhali anagwira kumutu. Amalume anatola mwala osadziwa woti amugende. Mayi anatuluka kukhitchini ndi chikombe m'manja, ndipo ndi iwo anayamba kumuona mwanayo, ataima pakhomo la makasu, galasi kudzanja ili, galasi kudzanja ilo.

"Bambo! Bwererani! Njinga yanu yalowa yokha m'khola!"

Bambo anabwerera akupuma ngati galu. Anakankha thumba lija, nasuzumira, natuluka, nasuzumiranso. Analanda galasi lakumanja n'kuliyang'ana kumazinga.

"Walithyola. Mwana uyu wandipha."

"Silinathyoke, alamu," anatero amalume, ataliyandikiza kumaso. "Mazinga onse ali bwino. Walichotsa bwanji, mwana wa mlongo wanga?"

"Walichotsa bwanji chiyani?" bambo analanda mawu. "Ndine ndinalifewetsa. Milungu itatu ndikulimbana nalo. Iye wangokolola. Tulutsani njinga, nthawi ikutha."

Anaitulutsa. Bambo anabwezera lakumanzere, linalowa mosavuta. Anatenga lakumanja, naliika pabowo, napotokola. Linazungulira. Anapotokolanso. Linazungulira, n'kuzunguliranso, ndipo atalisiya linapendekeka n'kugwera m'manja mwa amalume.

"Mwina simunalilunjike. Ndiyeseko ine," anatero amalume.

Amalume anapotokola, osagwira. Anapukuta bowo ndi malaya, napotokolanso, osagwira. Anakanda ndevu. "Kapena tiyesere mbali inayi…"

"Alamu!" Bambo anawagwira dzanja. "Mukufuna kupha mazinga? Munaona kuti chinthu chomangira kumanzere? Botolo limatsekera kuti? Mpopi? Babu? Dziko lonse limamangira kumanja. Inu ndi kalipentala wa mtundu wanji?"

"Ndimangoyesa."

"Kayesereni pa mipando yanu."

"Achimwene, tiyeni tizipita choncho," anatero azakhali. "Galasi limodzi likwana. Ine ndiziyang'ana kumbuyo n'kumakuuzani."

"Apolisi ali pamlatho tsiku la msika. Njinga ya khutu limodzi amaitsitsa pomwepo. Ndipo ine sindingadutse pasiteji ndi njinga yopunduka, anzanga akuona."

"Ndiye kwa makaniko."

"Ndiyambe ndafa."

Anayesanso kasanu. Thukuta linadontha pa thanki. Mumsewu munadutsa njinga ina itanyamula anthu awiri ndi nkhuku, woyendetsa wake naimba belu mowapatsa moni. Bambo anawongoka. Kwa nthawi yoyamba m'milungu itatu anamuyang'ana mwana wawo kumaso, osati m'mapewa.

"Iwe. Bweza."

Kachete anayang'ana pansi. Anthu anali anayi. Mawu anakwera, nafika pakhosi, nasuzumira. Kumbuyo kunalibe kobwerera, kunali chikwama chomanga kale.

"Lolemba ndikulemba mayeso, ababa, ndipo ndikufuna kugona m'chipinda changa."

Ngakhale nkhuku zinaleka kupalasa.

"Mwano!" anakuwa azakhali. "Mwana kuchita malonda ndi bambo ake? Achimwene, thyolani kamtengo. Kwanga akanalawa kale."

"Thyolani," anatero mayi, akupukuta chikombe ndi nsalu mosafulumira. "Mukamaliza kumumenya, kamtengo komweko kakuikirani galasi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, bambo."

Bambo anayang'ana dzuwa, lomwe linali litakwera kale. Anayang'ana galasi m'dzanja lawo, ndipo zomwe anaonamo sizinawasangalatse, poti analitembenuza msanga. Mumsewu munadutsanso njinga ina.

"Chemwali," anatero potsiriza, "kakwereni basi."

"Nanga mwana?"

"Mwanayu ali ndi ntchito pano."

"Ntchito yanji?"

"Ya magalasi. M'mawa kuika, madzulo kuchotsa. Njinga izigona mwa makasumo, malo ake enieni. Ndinanena kuyambira tsiku loyamba kuti ndimo moyenera. Alamu, mahinjesi aja ndikuwafuna lero, osati mawa. Njinga singagone kuseri kwa thumba."

"Lero lomwe, alamu," anatero amalume, ndipo ulendo uno anathamangadi.

Bambo anapereka galasi. Kachete analilandira ndi manja awiri, koma sanaliike. Anayang'ana bambo, nayang'ana azakhali, onse maso ali pa zala zake. Anapita pachingwe, natenga nsalu ya mayi yomwe inali itayanikidwa, naifunditsa pa chiwongolero, napisa manja pansi pake.

"Ukubisa chiyani?" anafunsa azakhali.

"Silifuna kuonedwa," ananong'ona Kachete.

Azakhali anatsekula pakamwa kuti aseke, koma bambo anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva chinthu chomwe ankachiganizira kale.

"N'chifukwa chake limandikanira. Chemwali, tembenukani. Make Kachete, nawenso."

Onse atatu anatembenuka n'kuyang'ana mtengo wa papaya. Pansi pa nsalu, Kachete anapotokolera kumanzere. Mazinga anagwirana mofewa ngati akhala akudikira. Anamanga nati, nachotsa nsalu. Bambo analigwedeza galasi, nalipukuta ndi mpango, naliza injini, nanyamuka osacheuka. Azakhali anatola ambulera yawo n'kulunjika kusiteji wapansi, akung'ung'udza za ana a masiku ano ndi mbale zomwe zinkawadikira.

Masana mayi ndi mwana ananyamula matiresi, wina kutsogolo wina kumbuyo. M'chipindamo munkanunkha petulo, ndipo pansi panali dontho lakuda la oyilo lomwe makatoni analephera kugwira. Kachete anachotsa chiguduli pa tebulo lake, naikapo mabuku, natsekula windo. Kuwala kunagwera pa tsamba lodyedwa lija. Anayembekeza kuti asangalala, koma chisangalalocho sichinabwere. Bambo sananene kuti mwanayu ali ndi sukulu. Sananene kuti mwanayu ndi wanga. Anati ali ndi ntchito. Kachete anatsala pakhomo pa makolo ake ngati mmene sipanala imatsalira m'bokosi. Ndipo bodza la pansi pa nsalu lija linkamuluma, chifukwa anali asananamizepo munthu wamkulu chibadwire. Anakumbukira kuti ukaipa dziwa nyimbo, koma sanadziwe ngati nyimbo yake inali yabwino.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, mayi akumanga neti pamsomali. "Si zoti silifuna kuonedwa ayi. Nkhani yake ndi yakuti galasi lija…"

Mayi anasiya neti, nathamanga, namutseka pakamwa ndi chikhatho chonunkha sopo. Anasuzumira pa windo, kumanja ndi kumanzere.

"Usandiuze, mwanawe. Watsala ndi zaka ziwiri kusukulu, ndipo ine ndimabwebweta kutulo."